Za Utsi wa Fodya ndi Ulemu pa Sukulu

Tsiku lina la Sabata, titaturuka m'mapemphero, anadza kwa ine mphunzitsi wina wa imvi, amene aphunzitsa pa koleji yina ya aphunzitsi. Tinakhala pa khonde, ndipo iye anati, "Abusa, ndalema. Ndiganiza zoleka nchito." Pomfunsa cifukwa, anachula zinthu ziwiri. Coyamba, anyamata ena aima pa khomo la cipinda cophunziriramo ndi kukoka fodya, utsi nulowa pa zenera. Ndipo iye, pokhala wodwala mphumu, amatsokomola kufikira mau amthera. Zotsala za ndudu azitaya pa njira, kuti mai wosesa azitole m'mamawa. Caciwiri, ena alowa mocedwa osapereka moni, naceza pa foni iye ali mkati mophunzitsa. Atadzudzula mmodzi, mnyamatayo anayankha kuti, "Mapapo ndi anga, ndalama ndi zanga, ndipo ine sindine mwana."

Mau a mnyamata uyu ndakhala ndiri kuwalingalira masiku ambiri, pakuti mwa iwo muli funso loyenera ife tonse, a kumudzi ndi a kusukulu omwe. Kodi ufulu wa munthu ulekeza pati?

Tiyambe ndi kubvomera cimene ciri coona. Mnyamatayo si mwana ndithu. Munthu wamkulu ali nayo mphamvu pa thumba lace ndi pa thupi lace, ndipo dziko limene mkulu ali yense aimiriridwa ndi mlonda si dziko labwino. Makolo athu nawo anadziwa fodya. Agogo anali ndi kabotolo ka fodya wa pamphuno, ndipo anatisiyira mwambi wakuti, fodya wako ndi uyo ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Iwo ananena mwambiwu pa nkhani yina, koma taonani ici: fodya wa agogo anathera m'mphuno mwao momwe. Ndudu siitero. Utsi wace supempha cilolezo pa khomo, ndipo wokoka ali mmodzi, koma opuma utsiwo ali onse okhala pafupi.

Kale anthu anayesa utsi wotere cinthu congonunkha cabe. Lero tidziwa zambiri. M'caka ca 1950 anthu awiri ophunzira a ku London, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anaonetsa kuti mwa odwala khansa ya m'mapapo pafupifupi onse anali okoka fodya. M'caka ca 1964 mkulu wa za umoyo m'boma la America analengeza poyera kuti ndudu zibweretsa nthendayi. Ndipo m'caka ca 1981 sing'anga wa ku Japan, Takeshi Hirayama, atatsata miyoyo ya akazi ambirimbiri osakoka fodya, anapeza kuti okwatiwa ndi amuna okoka anadwala khansa ya m'mapapo koposa anzao. Akaziwo anali asanaikepo ndudu pakamwa. Anangogona m'nyumba imodzi ndi utsi. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, liwerenga kuti fodya apha anthu oposa 7 miliyoni caka ndi caka, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo ndiwo osakoka, ophedwa ndi utsi wa anzao. Kwa wodwala mphumu utsi pang'ono ukwanira kutseka cifuwa, ndipo kwa khanda ucurukitsa cibayo ndi nthenda za m'makutu.

Cotero mau akuti "mapapo ndi anga" ali oona pamene munthu ali yekha ku thengo. Pa khomo la sukulu mauwo asanduka bodza, pakuti mapapo amene alandira utsi ali a mphunzitsi, a mtsikana wokhala pa zenera, ndi a mai wapakati wosesa pa khonde. Boma lathu linazindikira ici. M'caka ca 2008 Zambia inalowa m'pangano la maiko la kucepetsa fodya, ndipo m'caka comweco linaturuka lamulo loletsa kukoka fodya pa malo osonkhana anthu. Koma lamulo liri ku Lusaka pa pepala, ndipo wapolisi saima pa zenera liri lonse. Cimene cingacotse mnyamata pa khomo paja ndico mtima wace wokha.

Apa ndipo tiona kuti madandaulo awiri a mphunzitsi uja ali cinthu cimodzi. Wokoka pa khomo ndi woceza pa foni m'kalasi onse adwala nthenda imodzi, ndiyo kuiwala kuti pali munthu wina. Sadana naye mphunzitsi. Akadamuda bwenzi akumuona. Iwo samuona konse, monga munthu saona mtengo umene aupitirira masiku onse. Ulemu umene makolo anatiphunzitsa unali mankhwala a nthenda yomweyi. Mwana anaphunzira kunena "odi" asanalowe, kulandira ndi manja awiri, kupatuka pa njira pokomana ndi mkulu, ndi kusadula mau a wolankhula. Zonsezi zinamkumbutsa tsiku ndi tsiku kuti pa dziko sali yekha. Mtumwi Paulo anakomana ndi funso lotere ku Korinto, pa nkhani ya nyama yoperekedwa kwa mafano. Anabvomera kuti kudya nyamayo sikunali kucimwa, komabe anasankha kuileka ngati kudya kwace kukagwetsa mbale wofoka. Iye anayesa ufulu wace ndi muyeso wa cimene ucita kwa mnzace.

Koma ndikadaleka pano ndikadakhala woweruza wa mbali imodzi, ndipo mlandu suweruzidwa pakumva mmodzi yekha. Pali zinthu zitatu zimene ife akulu tiyenera kuzimva, cinkana ziwawa.

Coyamba, ambiri a ife polira ulemu wakale tilira mkwapulo. Tikumbuka kuti kalasi inakhala cete, koma tiiwala kuti ceteyo kawiri kawiri anali wa mantha. Lamulo la Maphunziro la 1966 linalowedwa m'malo ndi la 2011, limene liletsa mphunzitsi kumenya wophunzira. Ngati ulemu unatha tsiku limene mkwapulo unacoka, tibvomere kuti sunali ulemu. Ulemu weniweni ucitika pamene palibe woopseza.

Caciwiri, mwana aphunzira ndi maso koposa ndi makutu. Alipo aphunzitsi ofika mocedwa, onunkha kacasu m'mamawa, otuma ana ku kantemba kukagula ndudu. Alipo atate okoka m'nyumba momwe mugona khanda, ndi kunyoza mai wa ana pamaso pa anawo. Mnyamata woleredwa pomwepo akafika ku koleji angocita cimene anaona. Tikumbukenso kuti kuyambira m'caka ca 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira giredi 12, ana acuruka m'makalasi. Ici ndi cinthu cokondweretsa, koma mphunzitsi wa ana ambiri sakhoza kudziwa dzina la ali yense, ndipo mwana wosadziwika dzina aphunzira msanga kusasamala.

Cacitatu cikhudza ife alimi a kuno kum'mawa. Ku Chipata ndi ku Lundazi ambiri a ife tiri ndi zigafa, ndipo ndalama za fodya zagula malata, feteleza, ndi mabuku a ana omwewo. Sindiweruza mlimi wofuna kudyetsa banja lace. Koma sitingathe kuyesa wokoka fodya munthu wonyansa ife tiri kusanja masamba ace. Ndiponso mu fodya muli nikotini, amene amanga munthu kolimba, kotero kuti ambiri ofuna kuleka alephera kangapo asanapambane. Mnyamata wa pa khomo uja kapena ali kapolo koposa mfulu. Kumcitira cifundo nkoyenera. Koma ukapolo wace sumletsa kuyenda mapazi makumi asanu kukakokera kutali ndi zenera, kapena kutola cotsala ca ndudu yace. Kuleka fodya nkobvuta, koma kupatuka nkwapafupi, ndipo tsiku loyamba tipempha kupatukako kokha.

Tsono ndinati kwa mphunzitsi uja, "Aphunzitsi, kodi anyamatawo adziwa kuti mudwala mphumu?" Iye anati iai, pakuti anacita manyazi kuonetsa kufoka pamaso pa ana. Ndinamlangiza kuti awauze poyera, popanda mkwiyo, ndi kuitana wa mwano uja pa yekha, pakuti munthu wodzudzulidwa pa gulu ateteza nkhope yace, osamva mau. Ndinamlangizanso kuti akambe ndi akulu a koleji kuti lamulo la 2008 lisungidwe pa malo pao, pakuti kuleza mtima sikutanthauza kukhala cete pa coipa.

Patapita miyezi tinaonananso. Sanaleke nchito. Anandiuza kuti atanena za nthenda yace, anyamata atatu anasamukira ku mtengo wa mango kuseri kwa bwalo, ndipo mmodzi anadza kudzapepesa. Awiri sanasinthe, ndipo mafoni aliriabe nthawi zina. Sindidzakunamizani kuti zonse zinakoma. Koma atatu aja adzakhala aphunzitsi, ndipo ali yense adzaima pamaso pa ana mazana a m'midzi yathu.

Abale ndi alongo, caka cikayamba ana athu anyamula masutukesi kunka ku sukulu. Tiwapatsa sopo, shuga ndi ndalama ya basi. Tiwapatsenso funso ili, kuti alinyamule m'mtima: cimene ndiri kucita, cifika kwa yani? Ndipo tisanawafunse iwo, tidzifunse tokha. Inu atate okoka, turukani m'nyumba mukakokere pabwalo, kutali ndi ana. Inu amai, musaleke kuphunzitsa "odi" ndi "zikomo", cinkana ena ayesa zacikale. Inu aphunzitsi, fikani pa nthawi, ndipo phunzirani maina a ana anu monga mukhoza. M'mera mpoyamba, ndipo nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, pakuti mwana amene timlekerera lero ndiye adzatiphunzitsira adzukulu mawa.