Mpando wa Wometa ku Kijitonyama

Padangotero, mnyamata wina wa ku Nkhata Bay adawoloka mtsinje wa Songwe, nakwera basi ya ku Dar es Salaam kutsata amalume ake amene ankameta anthu ku Kijitonyama. Kanyumba kawo kadali kuseri kwa msewu wa Ali Hassan Mwinyi, pafupi ndi pa Sayansi pamene madaladala amatsitsa anthu.

Amalumewo ntchito ankaigwira mwachifatse. Akamaliza mutu umodzi ankachotsa tsitsi m'mano a makina ndi kaburashi, n'kupaka sipiriti, n'kudikira kuti aume. Lezala ankalivundukula m'pepala mwini mutu akuona, ndipo akawongola tsitsi la pamphumi ankalithyola n'kuliponya m'chitini.

"Malume, anthu achuluka pabenchi. Bwanji osangopukuta ndi thaulo?"

"Mphwanga, munthu akakhala pampandopa galasi limamuonetsa nkhope yokha. Za kunkhongo kwake watisungitsa ife."

Mnyamatayo adali ndi dzanja labwino. Mpala ankaumeta wosalala, ndevu ankazidula molingana, ndipo kiduku, kumeta kopala m'mbali n'kusiya tsitsi pamwamba, ankakadziwa kuposa amalume ake. Patapita zaka, atakwatira n'kukhala ndi mwana, adatsegula malo akeake kufupi ndi Makumbusho. Adaika magalasi aakulu, nyimbo za Bongo Flava, ndi kanema woonerapo mpira wa Simba ndi Yanga. Anyamata a bodaboda, onyamula anthu pa njinga zamoto, ankadzaza pakhomo.

Koma ndalama zidamutsekemera. Botolo la sipiriti adayamba kuliwonjezera madzi. Lezala limodzi linkayenda pa anthu anayi, chipeso chimodzi tsiku lonse osachitsuka. Posakhalitsa ana asukulu adayamba kutuluka zipere m'mutu, tsitsi n'kumathothoka mozungulira, ndipo abambo ena adatuluka tiziphuphu kunkhongo. Onse ankati n'kutentha kwa Dar es Salaam. Mwini wake ankadziwa bwino kuti zipere zimayenda pa chipeso ndi pa makina, koma adangoti chete.

Tsiku lina Loweruka, nyumba itadzaza, mkazi wake adabwera ndi mwana kuti amumete. Bamboyo adasiya munthu amene ankamumeta, natsegula kabati, natulutsa makina ena oyera ndi lezala latsopano. Mwanayo, wobadwira mumzindamo, adafunsa mokweza m'Chiswahili chomveka kwa aliyense:

"Ababa, bwanji ine mumandimeta ndi makina a m'kabati? Awo mukumetera amalumewa ndi oipa?"

M'nyumbamo mudangoti zii. Bambo uja adali pampando adavula nsalu ya pakhosi, naipinda bwinobwino, nalipira ndalama yonse, natuluka mutu uli wometa mbali imodzi. Ena adamutsata mmodzimmodzi. Pofika madzulo nkhani idali itafika ku Mwenge pa njinga zamoto.

Mlungu wathunthu pampando sipadakhale munthu. Ndiye adapita kwa amalume ake mutu uli pansi.

"Malume, ndilandireninso."

"Mpando ulipo, mphwanga, koma makina anga sugwira usanayende. Ana aja kwawo ukukudziwa. Pita ukawauze amayi awo kumene zipere zidachokera. Uwauzenso kuti za m'mutu sizimva mafuta opaka okha, zimafuna mankhwala akumwa ochokera kuchipatala."

Ulendo umenewo udali wowawa. Amayi ena adamutsekera chitseko asanamalize kulankhula, wina adamulalatira pamaso pa anthu oyandikana nawo nyumba. Koma ambiri adamvetsera, natenga ana awo kupita nawo kuchipatala. Kanema uja adamugulitsa, magalasi adatsatira, ndipo ndalamazo adagulira mankhwala a ana amene makolo awo sakadakwanitsa.

Atabwerera kwa amalume ake, miyezi ingapo anthu ankakana mpando wake n'kumadikira wa mkuluyo, ngakhale mzere utalike chotani. Woyamba kukhalapo adali mnyamata wasukulu amene tsitsi lidali litameranso, amayi ake ataimirira pambali kuyang'anitsitsa manja a wometayo.