KUSEKA PAMWAMBA PA MGODI: KODI N'KULAKWA?

Tabwera ndi funso limene lakhala likutisowetsa tulo chibwerere ku ulendo wathu wa ku Joni, ndipo tati tilitule pano kuti tiganizire limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Pa tchuthi cha ana a sukulu tidapita ku Johannesburg kukaona mchemwali wathu amene adakhazikika kumeneko. Tidatenga ana athu atatu, wa zaka 10, wa zaka 7 ndi chitsiriza wa zaka 4. Tidatenganso mayi athu otibereka, amene moyo wawo wonse adali asanadutsepo chipata cha Mwanza. Titapumula masiku awiri, alamu athu adati ana asabwerere kumudzi osaona Gold Reef City, malo amasewera otchuka amene ali kummwera kwa mzindawo. Tidasonkherana ndalama za matikiti, tidanyamula zipewa za dzuwa, ndipo mwana aliyense tidamuikira m'thumba kapepala kolembapo nambala ya foni kuti akasochera m'chigulu cha anthu asasowe pogwira.

Malowa adamangidwa pamwamba pa mgodi weniweni wa golide umene udatsekedwa kalekale. Udali wa Crown Mines, ndipo dzenje lake linkadziwika ndi nambala 14. Nyumba za mkatimo adazimanga motengera mmene mzindawo unkaonekera golide atangopezeka ku Witwatersrand mu 1886. Pali timasitima tothamanga pa njanji zokhotakhota, pali Anaconda imene imatembenuza anthu chadodolido miyendo ili lendelende, ndiponso pali Tower of Terror imene imakweza anthu pamwamba kenaka n'kuwagwetsera m'dzenje ngati akugwera mu mgodi. Ana athu adachita ngati apenga. Wamkulu adakwera chilichonse chimene msinkhu wake udamulola. Wamng'ono atamuimika pa choyezera msinkhu adapezeka kuti wachepa, ndipo adalira mpaka tidamupezera timahatchi tozungulira pang'onopang'ono, pamene adakana kutsikapo.

Chimene chidatisokoneza chidachitika masana. Tidafika pafupi ndi chinsanja chachitsulo chimene kale chinkatsitsa anthu pansi pa nthaka ndi chikepe. Mayi athu adaima chilili. Adachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi bambo anu aja ankalowa m'dzenje ngati limeneli?" Tidayankha kuti, "Inde amayi, ngakhale sudali mgodi uno." Iwo adangoti, "Ndiye kunali kuno eti." Adakhala pa benchi, ndipo chakudya chimene tidawagulira sadachikhudze.

Bambo athu adali mmodzi mwa amuna ambirimbiri a kwathu amene adapita ku migodi kudzera ku Wenela. Ana a masiku ano akamva dzina limeneli amangoganiza za depoti ya mabasi ku Blantyre, koma lidachokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya bungweli idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi amene ankabwerera kwawo, ndipo boma la Dr Kamuzu Banda lidaimitsa kulemba anthu ntchitoyo kwa zaka zingapo. Ena adabwerako ndi njinga, wailesi ndi malata. Ena adatchona osabwereranso. Bambo athu adabwerako ndi malata a nyumba imene tidakuliramo, komanso chifuwa chimene sichidawasiye mpaka tsiku limene tidawaika m'manda.

Tsono taonani mmene zinthu zidaliri: kumbali kuno mayi wamasiye wakhala chete akuyang'ana dzenje, kumbali uko adzukulu ake akukuwa ndi chimwemwe pamene akuwagwetsera dala m'dzenje lofanana nalo. Funso lathu lidabadwira pamenepo. Kodi tidalakwa kutengera ana kukaseka pamalo pamene anthu adakhetsa thukuta, ena mpaka kutaya moyo?

Mtima wina umatiuza kuti tidalakwa, ndipo mfundo zake si zopepuka. Mantha amene ana athu adawagula ndi tikiti adatha m'kanthawi kochepa, ali omangidwa bwino ndi malamba. Mantha a munthu wa mu mgodi adali a tsiku ndi tsiku: thanthwe lingagwe, chingwe chingaduke, fumbi likulowa m'mapapo mwakachetechete. Kusandutsa mantha otere kukhala masewera kungaoneke ngati kuvina pamanda. Komanso malo otere amasankha zoti aonetse. Amaonetsa nyumba zokongola za kale ndi kunyezimira kwa golide, koma sangakuonetseni mkazi amene adalera ana yekha zaka ziwiri akudikira kalata, ngakhale mwamuna wogona pa bedi la simenti mu komponi kutali ndi banja lake. Mwana akangoona mbali yokomayo, adzakula akuganiza kuti nthawi ya migodi idali chikondwerero. Kumeneko n'kuwalakwira akufa, chifukwa munthu amene waiwalika amakhala ngati wafa kawiri.

Koma mtima winanso umatifunsa kuti: nanga bambo athu adalowa pansi pa nthaka kufuna chiyani? Sadapite kukafuna kuti adzukulu awo azidzayenda ndi nkhope zakugwa. Adapita kuti ana awo agone m'nyumba yosadontha, alipire sukulu, adzakhale ndi moyo wopepukirapo kuposa wawo. Mdzukulu akamaseka padzuwa, mimba ili yokhuta, ndiye kuti chimene agogo ake adavutikira chaoneka. Tikadawatseka pakamwa ana aja n'kuwauza kuti pano saseka, tikadawasenzetsa katundu amene mwini wake adamusenza dala kuti iwo asadzamusenze.

Titalingalira mbali ziwirizi, taona kuti pali zinthu zimene timazisakaniza pamene zili zosiyana. Kuseka uli pamalo ndi kwina, kuwaseka anthu a pamalopo ndi kwinanso. Mwana wa zaka 4 amene ali pa kahatchi kozungulira sakunyoza munthu aliyense, akungochita zimene ana adalengedwera. Ngakhale kwathu pamaliro, akuluakulu akamakhuza, ana amakhala akuthamangitsana kuseri kwa nyumba, ndipo palibe amene amati anawo alibe chisoni. Timadziwa kuti nthawi yawo yomvetsa idzafika. Chimodzimodzinso kupumula pa chisoni si kuiwala. Dziko lonse lapansi likadati lisiye kuseka paliponse pamene munthu adavutikapo, pakadasowa poti mwana apondepo, chifukwa ngakhale minda ya tiyi ndi fodya, njanji ndi misewu imene timadutsamo, zonse zili ndi misozi yake.

Choncho mlandu, ngati ulipo, suli pa ana. Uli pa ife makolo, ndipo suyamba pa tsiku la masewera, umayamba pa masiku otsatira. Kukumbukira ndi ntchito ya akuluakulu. Ana ali ndi ufulu wosangalala, koma alinso ndi ufulu wodziwa kumene adachokera, ndipo woti awauze ndi ife. Tikawapatsa chisangalalo chokha n'kubisa mbiri, tawamana theka la chuma chawo. Tikawapatsa mbiri yokha n'kuwaletsa kusangalala, tawamana theka linalo.

Nkhani ili pa muyeso. Khanda sitilipatsa nsima ya kondoole, timayamba ndi phala. Moyandikana ndi malo amasewerawa pali Apartheid Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya tsankho imene idatsegulidwa mu 2001. Alamu athu adati tilowemonso tsiku lomwelo, koma tidaona kuti zithunzi za mmenemo n'zolemera kwa ana a misinkhu iyi, ndipo tidagwirizana kuti wamkuluyo adzapita akakulako. Mmalo mwake tidachita chinthu chaching'ono. Madzulo, ana atasamba, mayi athu adawaitana adzukulu awo. Wa zaka 7 ndiye adayamba: "Agogo, bwanji simunadye masana?" Iwo adati, "Ndimakumbukira agogo anu aamuna, mwanawe. Ankagwira ntchito pansi penipeni, kumene kulibe dzuwa." Mwana adafunsa ngati ankachita mantha. Agogo adati inde, ankachita, koma ankalowabe chifukwa cha ife. Wamkulu adafunsa kuti golideyo adapita kuti, popeza kwathu kulibe. Funso limenelo tidalephera kuliyankha bwino, ndipo tikuona kuti n'chabwino kuti alisunge mpaka adzakule nalo. Wamng'ono adali atagona kale pamiyendo pa agogo ake.

Tisadzinamize kuti pamenepa nkhani yatha. N'kosavuta kunena kuti takumbukira, kenaka n'kupitiriza moyo ngati kale. Kukumbukira koona kumaoneka ndi ntchito za manja. Matenda a fumbi la mu mgodi, amene madokotala amawatcha silicosis, amabwera chifukwa chopuma fumbi la miyala kwa nthawi yaitali. Fumbilo limaumitsa mapapo, matendawo sachizika, ndipo amachititsa kuti munthu agwidwe msanga ndi chifuwa chachikulu. Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide adavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni ngati chipukutamisozi, khoti lalikulu ku Johannesburg lidavomereza mgwirizanowo mu 2019, ndipo padakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti liziyendetsa malipirowo. Mgwirizanowo umakhudza amene adagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019 n'kudwala matendawa, kuphatikizapo ochokera m'maiko oyandikana nawo, komanso mabanja a amene adamwalira. Si onse amene adapita ku Joni amene angalandire, koma m'midzi mwathu muli madala otsokomola ndi amayi amasiye amene mapepala a ntchito ndi a chipatala ali m'masutikesi akudyedwa ndi njenjete. Kuwayendera, kuwathandiza kusunga bwino mapepalawo, kuwaperekeza kuchipatala, ndi kuwachenjeza za akathyali amene amatolera ndalama ponama kuti awafulumizitsira malipiro, imeneyo ndi ntchito imene amayi tingaithe popanda kudikira wina.

Tinenepo pang'ono za ndalama, popeza ena angafunse ngati n'kwanzeru kuwononga makobidi ochuluka pa tsiku limodzi. Ife tikuti chisangalalo cha ana si kuwononga, malinga ngati sichidya fizi ya sukulu kapena kutilowetsa m'katapila. Ndipo tsikulo lidatiphunzitsa kuti mwana sayeza chimwemwe ndi mtengo wa tikiti. Titabwerera kumudzi tidawafunsa chimene adakondwera nacho koposa. Wamng'ono adatchula timahatchi tija ndi ayisikilimu amene adamudonthera pa malaya. Wa zaka 7 adati nkhani ya agogo. Amene simungafike ku Joni musadzione ochepa. Katungwe wa pa mtengo wa mango, ulendo wa kunyanja, ngakhale tsiku limodzi limene bambo ndi mayi asiya zonse n'kusewera ndi ana, zimasiya chikumbukiro chofanana.

Yankho lathu tsono ndi ili: sitidalakwe kupita, koma tikadalakwa tikadabwerako osanena kanthu. Aloleni ana aseke ndi mtima wonse. Inu makolo sungani nkhani, muipereke pang'onopang'ono monga mwa msinkhu wawo, chifukwa mmera m'poyamba. Ndipo funsani akuluakulu akadali moyo, pakuti ife tidakhala ndi mayi athu zaka zonsezi osadziwa kuti sadaonepo ndi maso malo amene adawalanda mwamuna wawo pang'onopang'ono.

Tsiku lonyamuka, tili m'basi, tidawafunsa kuti, "Amayi, kodi tidakukhumudwitsani pokutengerani kumalo aja?" Iwo adapukusa mutu n'kunena kuti, "Ayi ana anga. Ndaona kumene ankalowa, ndaonanso adzukulu ake akuseka pamwamba pake. Akadakhalapo akadaseka nawo."

Tikupemphani kuti pa msonkhano wanu wotsatira mukambirane funsoli: ndi nkhani ziti za m'banja mwanu zimene ana anu sanazimvebe, ndipo mudzawauza liti?