Musanamasule bawuti, dziwani injini

Ana anga amene mwayamba kugwira sipanala m'magalaja a pa Mitundu ndi pa Nathenje, ndimakuonani mutazungulira galimoto ya matola imene yafera m'mbali mwa msewu. Wina akuti ndi pampu, wina akuti ndi maringi. Ndikafunsa kuti injiniyi ndi yanji, mumasuzumira chizindikiro cha kutsogolo n'kuyankha kuti ndi Toyota. Yankho limenelo limandisowetsa mtendere.

Galimoto zathu kuno zakalambira pamsewu zitasenza fodya, soya, chimanga ndi mbuzi. Zambiri zasinthidwa injini kawiri kapena katatu, moti thupi likhoza kukhala la Hilux koma mtima wake unachokera mu Hiace imene inagubuduzika kalekale. Mwini wake nayenso anagula kwa munthu wina, ndipo amangobwereza zimene anauzidwa. Mumumvere mwaulemu, kenako mukafunse chitsulo chenichenicho.

Yambani ndi maso. Mukaona mapulagi ndi mawaya ake onenepa, ndi ya petulo. Mukaona pampu ndi timapaipi tachitsulo topita ku mainjekita, ndi ya dizilo, ndipo kuwerenga timapaipito n'kuwerenga masilinda. Kenako funani kachitsulo kolembedwa kamene fakitale inakhomera pathupi la galimoto. Pa Toyota, chilembo choyamba chimatchula banja la injini imene galimotoyo inabadwa nayo: Hilux yolembedwa LN inabwera ndi dizilo wa banja la L, YN ndi petulo wa banja la Y, RN ndi wa banja la R. Komatu kachitsuloko kakungonena za tsiku lobadwa. Zimene zili mkatimo lero zalembedwa pa buloko.

Pa buloko pamakhala kamalo kosalala pamene anadindapo dzina la injini ndi nambala yake. Nthawi zambiri kamakhala kataphimbika ndi oyilo wosakanikirana ndi fumbi lofiira la kwathu kuno. Thirani parafini, pukutani ndi kansalu, kwechani pang'onopang'ono ndi burashi ya waya. Zilembo zikakana kuoneka, pakani choko n'kupukuta pamwamba, chokocho chitsalira m'mizere. Pamene diso silifika, lowetsani foni mujambule. Chopukusira cha magetsi chokha musachiyandikitse pamenepo. Mukadya nambala, mwafafaniza dzina la injini, ndipo wapolisi wa pamsewu akaona popalidwa aganiza zakuba, mwini galimoto n'kuvutika chifukwa cha phuma lanu.

Tsono apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Mukawerenga 3L pa injini ya Toyota, musamati ndi ya malita atatu. L ndi dzina la banja, ndipo 3 akungonena kuti ndi yachitatu m'banjamo. Kukula kwa 2L ndi 2446 cc, kwa 3L ndi 2779 cc, ndipo imene imayandikira malita atatu ndi 5L, ya 2986 cc. Chimodzimodzi 5A ya mu Corolla ndi 1498 cc pamene 4A ndi 1587 cc: nambala yaikulu, injini yaing'ono. A Nissan amatchula mwina. TD27 ya mu Caravan ndi 2663 cc, kutanthauza malita 2.7, ndipo A14 ya mu kagalimoto kaja ka Nissan 1400, kamene kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndi 1397 cc. A Mitsubishi akalemba 4D56, 4 ndi masilinda, D ndi dizilo, koma 56 sakunena kukula, poti injiniyo ndi 2477 cc. Fuko lililonse lili ndi katchulidwe kake ka ana.

Ineyo ndinapsapo pamenepa. Anandibweretsera Hilux yotentha, madzi akusakanikirana ndi oyilo. Mwini wake anati ndi 3L, nane poona maonekedwe ndinavomera, pakuti injini za banja limeneli kunja zimafanana ngati mapasa. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, ndinagula gasiketi ndi maringi, ndinabwerera dzuwa litapendeka. Poyesa, maringi anali aakulu. Nditapukuta buloko ndinapeza 2L. Wa sitolo anakana kulandira katundu wotsegula, ndipo fodya wa bambo uja anagona masiku ena awiri pakhomo. Ndalamayo ndinabweza, koma nkhope yawo tsiku limenelo sindinaiiwale. Safunsa anadya phula, ndipo amene ine sindinam'funse anali buloko, ali pamphuno panga pomwe.

Nanga nambala ikadyeka ndi dzimbiri? Apo ndiye payenera masamu a kusukulu aja. Chotsani hedi, tengani veniya, yezani kukamwa kwa silinda. Zungulizani injini pisitoni itsike mpaka pansi, yezani ulendo wake kuchokera pamene imathera kumwamba. Lembani zonse m'masentimita. Chulukitsani kukamwa ndi kukamwa komweko, yankholo ndi 0.7854, kenako ndi ulendo wa pisitoni, pomaliza ndi chiwerengero cha masilinda. Tiyese ndi 3L, imene kukamwa kwake ndi 9.6, ulendo 9.6, masilinda anayi: mupeza 2779. Ya 2L ndi 9.2 ponse pawiri, ndipo 5L kukamwa kwake ndi 9.95. Mamilimita anayi okha ndiwo amalekanitsa 2L ndi 3L, ndiye yezani modekha, m'malo angapo. Palaninso mwaye pamutu pa pisitoni. Mukaona 0.50, dziwani kuti injiniyo inaboledwapo, ndipo maringi ake akhale a muyeso womwewo.

Luso limeneli silithera pa galimoto. Injini za ku China za silinda imodzi zimene zikulira m'zigayo zambiri m'midzi muno zimanena zokha: pa 1115, nambala yoyamba ndi silinda imodzi, 115 ndi kukamwa kwake m'mamilimita. Mwini chigayo akakuitanani, mudzadziwa pisitoni yokagula musanamasule kanthu.

Mukamagula injini yakale ya ku Japan, musakopeke ndi penti kapena chivindikiro chowala, poti chivindikiro chimasinthidwa ndi mabawuti ochepa chabe. Nambala ya pa buloko ilembedwe pa lisiti, ndipo mwini galimoto mumuuze akalembetse kusinthako ku Road Traffic kuti nambala ya mu blue book igwirizane ndi imene ili m'galimoto. Ndipo pokwera ulendo wa ku Malangalanga kapena ku Biwi kukafuna zipangizo, m'thumba mukhale kapepala kolembapo dzina la injini ndi miyeso yake, gasiketi yakaleyo mutaikulunga m'nyuzipepala. Pa kauntala muisanjike pa yatsopanoyo, bowo ndi bowo, ndalama zisanatuluke m'dzanja.