Sikelo ndi Nkhonya: Kodi Kuvomera Kumafafaniza Mlandu?

Pakati pa Kadoma ndi Chegutu pali mtunda wosakwana makilomita 40, pa msewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo. Matauni awiriwa, amene mpaka m'chaka cha 1982 ankatchedwa Gatooma ndi Hartley, anakula chifukwa cha zinthu zoyezedwa pa sikelo: golide wa ku migodi ya Cam and Motor ndi Dalny, ndiponso thonje limene linkalowa m'mafakitale a nsalu a David Whitehead. Ambiri mwa amene ankatsika m'migodimo anali ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, ndipo zidzukulu zawo zikadalipo m'makomboni ndi m'malokeshoni monga Rimuka. Anthu otere sasowa wowauza kuti sikelo ndi mboni yosayankhula, koma ili ndi mwini wake.

Taganizirani mnyamata wa ku Rimuka wolemera makilogalamu 57, amene wakhala akukonzekera nkhonya miyezi itatu. Tsiku lafika, anthu alipira pakhomo, koma mnzake wa msinkhu wake sanabwere. Amene alipo ndi wa ku Chegutu, wa makilogalamu 64. M'tauni yaing'ono ankhonya ndi owerengeka, kotero zoterezi si zachilendo. Mnyamatayo akuti ali wokonzeka. Kodi mphunzitsi wake akamulola, ndipo mwanayo n'kuvulala, mlandu ndi wa yani?

Makilogalamu asanu ndi awiriwo si nambala chabe. Wolemerapo amakhala ndi khosi lokhuthala limene limachirikiza mutu nkhonya ikafika, kawirikawiri manja ake ndi aatali, ndipo akagwirana n'kutsamira mnzake amamulemetsa mpaka miyendo kulefuka. N'chifukwa chake nkhonya zaukatswiri za amuna zili ndi magulu osachepera 17. Kumunsi malire ake ndi othithikana: 47.6, kenaka 49, kenaka 50.8, poti makilogalamu awiri pa thupi laling'ono ndi gawo lalikulu la munthuyo. Langton Tinago, katswiri wa ku Zimbabwe amene anatenga lamba wa Commonwealth katatu m'zaka za m'ma 1980, anachita zimenezi m'magulu awiri osiyana ndi makilogalamu osakwana atatu, ndipo dziko linaona kuti ndi chinthu chachikulu.

Otsutsa ali ndi mfundo yawo, ndipo si yopanda pake. Mu 2009 David Haye anagonjetsa Nikolai Valuev, chimphona cha mamita 2.13 chimene chinamuposa ndi makilogalamu pafupifupi 45. Mu 2024 Oleksandr Usyk anapambana Tyson Fury ngakhale anali wopepukirapo kwambiri. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wamng'ono wachangu amatha kuupeza. Tsono ngati munthu wamkulu, wanzeru zake, wasankha yekha kukwera phiri, ndani angamuletse? Kumuletsa kungakhale kumupeputsa.

Komatu zitsanzo zimenezi n'za gulu la zimphona, kumene mabungwe monga IBF ndi WBO saika malire munthu akapitirira makilogalamu 90.7, ndipo kumene ngakhale "wamng'onoyo" amakhala wa makilogalamu pafupifupi 100, wokhala ndi nkhonya yogwetsa aliyense. Kumunsi nkhani ndi ina. Mu 2016 Kell Brook, amene anali asanagonjepo, analumpha magulu awiri kukakumana ndi Gennady Golovkin ku London. Luso anali nalo, anamenya ndithu. Koma fupa la m'mbali mwa diso linasweka, ndipo mphunzitsi wake anagwedeza thaulo m'raundi yachisanu. Brook anali atavomera, ndipo anafuna kupitiriza. Amene anakana anali munthu wa pakona.

Chovuta china n'chakuti sikelo imayeza dzulo, pamene nkhonya zimamenyedwa lero. Ankhonya amayezedwa kutatsala tsiku, ena atadziumitsa madzi m'thupi, kenaka amamwa ndi kudya usiku wonse. Mu 2000 ku New York, Arturo Gatti ndi Joey Gamache anapangana za makilogalamu 64. Pofika usiku wa nkhonyayo Gatti anali pa 72, Gamache pa 66. Gamache anakomoka m'raundi yachiwiri, anavulala muubongo, ndipo sanamenyenso nkhonya. Iye anavomera kumenyana ndi munthu wa 64. Amene analowa m'bwalo anali wina. Kuvomera chinthu chimene sunachione bwino ndi kuvomera kwa theka.

Chichewa chili ndi kanthu kena kamene kamaunikira nkhaniyi. Mneni woti kulemera amanena za katundu ndiponso za chuma, ndipo kupepuka kuli pafupi ndi kupeputsa. Pa bwalo la nkhonya pamakhala olemera a mitundu iwiri: wina wavala magolovesi, wina wakhala pa mpando wakutsogolo ndi chikwama. Mnyamata wa ku Rimuka akamati ali wokonzeka, n'kovuta kudziwa kuti akuyankha uti mwa awiriwa. Brook anali ndi ndalama zake ndi madokotala ake, ndipo akanatha kukana osagona ndi njala. Mwana wa m'tauni imene ntchito za m'fakitale zinachepa, amene akudziwa kuti akakana lero sadzaitanidwanso, ali ndi ufulu wocheperako, ngakhale mawu otuluka pakamwa ali amodzimodzi. Agogo akenso ankavomera kutsika mumgodi.

Motero mlandu sungachoke pa mphunzitsi chifukwa choti mwana wanena kuti eya. Iye ndiye waona sikelo, ndiye akudziwa chimene makilogalamu asanu ndi awiri amachita ku ubongo wa munthu wa zaka 18, ndipo si iye amene adzamve chizungulire m'mawa mwake. Akakana, anthu olipira pakhomo adzamukuwiza, wokonza masewerowo adzamusungira kukhosi, ndipo mnyamatayo mwina sadzamuyankhula sabata yathunthu.