Maliro N'kulirana

“Maliro n'kulirana,” adatero makolo athu, kutanthauza kuti wokhuza mnzake lero adzakhuzidwa mawa, pakuti imfa siilambalala khomo la munthu.

Mwambiwu ndimaukumbukira ndikamawerenga Cry, the Beloved Country, buku la Alan Paton lomwe lidatuluka mu 1948, chaka chimene ulamuliro wa tsankho udakhazikika ku South Africa. M'menemo muli atate awiri oyandikana amene khungu lidawalekanitsa: mbusa Stephen Kumalo wa kuchigwa chokokoloka cha Ndotsheni, ndi mzungu James Jarvis wa munda wachonde pamtunda pake, amene sadayenderanepo kufikira tsiku lija Absalom, mwana wa mbusa, atasokera mu Johannesburg, adawombera Arthur, mwana wa Jarvis, amene ankamenyera ufulu wa anthu akuda.

Jarvis, powerenga zolemba za malemuyo, adatseguka maso, natumiza mkaka kwa ana a m'chigwa ndi mlangizi wa zaulimi. Ndipo mkazi wa Jarvis atamwalira, mpingo wosauka wa Kumalo, ngakhale mwana wa mbusa wao anali kudikira chingwe, udaluka nkhata ya maluwa kukapepesa.

Komabe mtima wanga sukhazikika, chifukwa mkaka sungabweze nthaka imene lamulo la 1913 lidalanda anthu akuda, ndipo kulirana kumeneku kudadza mwazi utakhetsedwa kale. Chiyembekezo ndichiona mwa mdzukulu wa Jarvis, mwana wamasiye wa Arthur, amene ankatsikira kwa mbusa pakavalo kukaphunzira Chizulu.