Mwana Amene Anakana Kugwada

Pa 13 Ogasiti 1903, m'nyumba ina ya mu mzinda wa Dublin, ku dziko la Ireland, mai wina wa zaka 44 anali kutsirizika. Dzina lake anali Mary Jane Joyce, Mkristu wolimba, amene anazunzika ndi nthenda ya khansa miyezi ingapo. Abale anagwada pansi kuti amperekeze ndi mapemphero, koma ana ake aamuna awiri, James ndi Stanislaus, anangoima chiriri. Atsibweni ao, a John Murray, anawalamula mwaukali kuti agwade, iwo nakana. Maiyo anamwalira tsiku lomwelo.

James ameneyu ndiye James Joyce, amene ophunzira amamuwerengera pakati pa alembi akuluakulu a mabuku a m'Chingerezi. Dziko lakwao si lachilendo mu dayosizi ya Mzuzu, pakuti ansembe a chipani cha Patrick Woyera, a ku Kiltegan, anayamba nchito yao kuno m'chaka cha 1970. Mlandu wakenso si wachilendo. Akatekisti a ku Luwawa, ku Champira ndi ku Mzimba amaudziwa ngakhale sanamvepo dzina la Joyce. Mnyamata afika kuchokera ku Joni atamva kuti amai ake ali kayakaya, apeza Akristu atasonkhana m'nyumba ndi korona m'manja, iye nakhala pakhonde, nati zopemphera anazisiya kale. Kodi mwana wotere achita bwino pokana kunama, kapena achimwa pokana kutonthoza amene anamubala?

Joyce sanali mbuli pa za chipembedzo. Anabadwa pa 2 Febuluwale 1882, ndipo ali ndi zaka 6 anakayamba sukulu kwa ansembe a chipani cha Yesu ku Clongowes Wood, napitiriza ku Belvedere College, kumene anasankhidwa kukhala mkulu wa bungwe la anyamata la Maria Virigo Woyera. Koma asanafike zaka 20 chikhulupiriro chinamchoka. M'chaka cha 1902 anapita ku Paris, ndipo mu Epulo 1903 lamya ya atate ake inamuitana kuti amai ali pafupi kufa.

Pofuna kuweruza molungama, zinthu ziwiri zimene anapemphedwa ziyenera kulekanitsidwa. Choyamba anapempha ndi amai ake eni, akali ndi nzeru zao: kuti akalape ndi kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka. Chachiwiri, kugwada kuja, analamula ndi atsibweni, pamene wodwala anali atakomoka kale.

Pa choyambacho, ngakhale mau ake ndi owawa, mnyamatayo sanalakwe. Mwana aliyense wa katekisimu adziwa kuti kulapa kopanda chisoni cha machimo sikuchotsa tchimo, ndipo kulandira Ukaristia mwachiphamaso nkunyoza zopatulika. Akadapita kwa wansembe ndi mtima wouma, kuti amai amwetulire chabe, akadawapatsa ndalama yachinyengo m'malo mwa mphatso. Tchimo lake linali kumbuyo, pa tsiku limene anataya chikhulupiriro. Kuonjezapo bodza sikukadalichepetsa. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unaphunzitsa poyera, pa 7 Disembala 1965, kuti munthu asakakamizidwe pa za chikhulupiriro. Tsono katekisti amene akankhira mnyamata ku mpando wa kulapa chifukwa cha misozi ya pamudzi, sathandiza mnyamatayo, sathandizanso Eklezia.

Pa chachiwiri mpamene pali povuta. Omuikira kumbuyo amati maondo nawonso amalankhula, ndipo wogwadira Mulungu amene samkhulupirira anama ndi thupi lake monga wina anama ndi lilime. Mau awa ali ndi mphamvu, sayenera kupeputsidwa. Komatu kugwada si sakramenti. Pa maliro a kumudzi pamafika a mipingo yonse, pamodzi ndi amene sanapondepo m'tchalitchi; onse amavula zipewa, nakhala pansi, naweramitsa mitu pamene ena alikupemphera, ndipo palibe amene amawatcha abodza. Thupi lao limanena kuti pano pagwa zovuta ndipo ife tili nanu, basi. Kwa Angoni a ku Mzimba mwana salankhula ndi akulu ali chiimire, ndipo sayamba wafunsa ngati akuluwo ali ndi nzeru zomposa. Akale anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Lamulo lachinai la Mulungu, la ulemu kwa makolo, silitha mphamvu pa tsiku limene mwana wakangana ndi malamulo atatu oyambawo. Joyce akadatha kugwada ngati mwana, osanama kanthu. Anasankha kuima ngati wophunzira wofuna kupambana mtsutso. Pamenepo choona chinali chochepa, kunyada ndiko kunachuluka.

Atsibweni aja nawonso ali ndi gawo lao. Polamula mwaukali anasandutsa pemphero kukhala mpikisano wa amuna, ndipo mnyamata wa zaka 21, pamaso pa mng'ono wake ndi alongo ake, kawirikawiri amalola kuthyoka kusiyana ndi kupindika.

Mboni yoposa zonse pa mlanduwu ndi mabuku a mwini wake. Mu Okotobala 1904 anachoka ku Ireland ndi Nora Barnacle, mkazi amene anadzamkwatira kwa boma ku London m'chaka cha 1931. Anakhala ku Trieste, ku Zurich ndi ku Paris, ndipo chitatha chaka cha 1912 sanapondenso kwao. Anali mchona weniweni. Koma mchona ameneyu sanalembe za kwina koma za Dublin yekha. Buku la Dubliners, la 1914, lili ndi nthano 15 za anthu wamba a mumzindamo. A Portrait of the Artist as a Young Man, la 1916, lisimba za mnyamata, Stephen Dedalus, woleredwa ndi ansembe, amene pomaliza akana kutumikira Eklezia ndi dziko lake. Ulysses, limene linatuluka ku Paris pa 2 Febuluwale 1922, lisimba za tsiku limodzi lokha, 16 Juni 1904, ndipo anthu a ku Dublin amakumbukira tsikuli chaka ndi chaka.

M'mutu woyamba wa Ulysses, Stephen yemwe uja aoneka atavala zakuda za maliro, ndipo mnzake amdzudzula kuti anakana kugwada pamene amai ake analikufa. Maiyo amdzera m'maloto, namdzeranso usiku ngati mzukwa. Chodabwitsa nchakuti mlembiyo anasintha nkhani. M'bukumo wopempha kuti mwana agwade si atsibweni, koma amai eni ake, ndi mpweya wao wotsiriza. Munthu wodzilungamitsa amapeputsa mlandu wake akamaufotokoza; uyu anaulemetsa, patapita zaka 19, nauika poyambirira pa buku lake lalikulu kuti dziko lonse liuone. Chikumbumtima chimene Ajezuiti anachiumba sichinatsale pa doko la Dublin.

Asaganize wina kuti mabukuwa ndi a aliyense. Ulysses ndi lovuta ngakhale kwa eni chinenero, ndipo muli zina zosayenera ana. Ku America linali loletsedwa mpaka 1933, ngakhale Roma sanaliike pa mndandanda wake wa mabuku oletsedwa. Koma Mulungu amakolola ndi m'minda yomwe eni ake sanamlimire. M'buku la Portrait muli ulaliki wa pa m'bindikiro wonena za moto wosatha, umene Joyce anaulemba mosamala, monga anaumvera ali mwana. Mnyamata wina wophunzira ku New York, Thomas Merton, atauwerenga anayamba kulemekeza chiphunzitso cha Eklezia. Anabatizidwa mu Novembala 1938, nalowa m'nyumba ya amonke ya Gethsemani m'chaka cha 1941, ndipo iye mwini anachitira umboni kuti Joyce anali mmodzi wa amene anamtsegulira njira.

Tsono katekisti akapeza mnyamata wa ku Joni uja pakhonde, asamlamule pamaso pa anthu, asamchititsenso manyazi ndi ulaliki. Amuitane pambali, amuuze kuti palibe amene amkakamiza kulapa lero, koma kuti amai ake ali m'katimo ndipo malo apafupi ndi mphasa ndi ake. Akhale pansi, awagwire dzanja, awamwetse madzi pamene ena alikunena korona. Zimenezo angathe kuzichita osanama, ndipo akazikana adzazisenza zaka zambiri.

Joyce anamwalira ku Zurich pa 13 Januwale 1941. Wansembe anadzipereka kuti achite mwambo wa maliro, koma Nora anakana, podziwa mtima wa mwamuna wake, ndipo anamuika m'manda a Fluntern popanda Misa. Mlongo wake Margaret, amene analera ana otsala amai atamwalira, anali atalowa usisitere, natumidwa ku New Zealand m'chaka cha 1909. Kumeneko anakhala akupempherera mlongo wakeyo mpaka imfa yake m'chaka cha 1964.