Makiyi Atatu ndi Chala Chimodzi

Usiku wina m'mwezi wa Epulo 2023 ndinachotsa munthu pagulu lathu la malonda ndili chigonere pabedi. Ndinangodina dzina lake pafoni ndi chala chachikulu, foni n'kundifunsa ngati ndatsimikiza, ine n'kuvomera, kenaka n'kugona tulo tabwino. Chidziwireni zomwe zinali kuseri kwa nkhaniyi, funso limodzi lakhala likundisowetsa mtendere: kodi munthu amene timachita naye malonda, koma sitinaonanepo naye maso ndi maso, tili naye mangawa otani?

Ndiyambe ndafotokoza za gululo. Ine ndine telala mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndimagulitsanso zitenje. Kale aliyense wa ife ankadzipitira yekha ku Tanzania kukapikula nsalu, ena ku Kyela kungodutsa chipata cha Songwe, ena mpaka kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Ulendo unkadya phindu lisanabwere n'komwe. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utavutitsa maulendo, tinayambitsa gulu pa WhatsApp. Munali matelala ndi ogulitsa nsalu a ku Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Blantyre. Munthu mmodzi amapita kukaoda m'malo mwa tonse, amajambula nsalu n'kutumiza zithunzi pagulu, aliyense n'kusankha yake. Ndalama timatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo mlembi amalemba zonse pa Google Sheets pomwe aliyense angathe kuona amene walipira ndi amene watsala. Tinakhazikitsanso kathumba kobwereketsa mnzathu amene mpamba wake wachepa.

Kunena zoona, njira imeneyi inatitukula. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ife tinapeza njira yosenzera denga limodzi pamene mitu yathu ili m'maboma osiyanasiyana. Choncho pasakhale wina woganiza kuti ndikunyoza foni kapena intaneti. Ana anga amapita kusukulu chifukwa cha zipangizo zomwezi.

Pagulupo panali mayi wina amene tinkangomutchula kuti Mayi a ku Limbe, poti n'kumene ankagulitsira. Mu Febuluwale 2023 iwo anatenga nsalu pangongole ya kathumba kaja, n'kulonjeza kubweza pakutha pa Malichi. Tsiku litakwana, kunali zii. Tinawalembera, osayankha. Msungichuma anaimba kangapo, foni n'kumangoitana. Chimene chinatikwiyitsa kwambiri n'chakuti WhatsApp imaonetsa amene wawerenga uthenga, ndipo dzina lawo linkaoneka pamndandanda wa owerenga. Tinati umboni ndi umenewu: akuwerenga koma akutinyoza. Mawu anayamba kukula. Wina anati ndi mbava, wina anati tiike chithunzi chawo pa Facebook kuti dziko lonse liwadziwe. Zimenezo ndinakana, powakumbutsa kuti kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo lolanga ozunza anzawo kudzera pa intaneti. Koma zowachotsa pagulu ndinavomera, ndipo poti admin ndinali ine, chala chinali changa.

Patapita miyezi iwiri, mnzathu wina wa ku Blantyre anakumana ndi mchemwali wawo mumsika. Apo mpamene tinamva kuti mayi aja ankangogulitsira ku Limbe koma kwawo kunali ku Chilobwe, kunsi kwa phiri la Soche, kumene namondwe wa Freddy anagwetsera matope ndi miyala m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Nyumba inapita, nsalu zathu zija zinapita, ndipo m'banjamo munagwa maliro. Iwo ankagona pamsasa wa anthu othawa madzi. Akapeza potchajira foni, ankatsegula gulu n'kupeza mauthenga mazanamazana owatchula kuti mbava, ndipo pakamwa pankauma. Za namondweyo tonse tinamva, tinafunsananso pagulu ngati a kummwera ali bwino. Amene anali bwino anayankha, ife n'kukhutira. Sitinaganize kuti amene sali bwino ndiye sangayankhe.

Tsono tinalakwa pati? Ndasinkhasinkha kwa nthawi yaitali, ndipo sindikhulupirira kuti tinalakwa pofuna ndalama zathu. Kathumba kaja sikanali ka anthu olemera. Munali ndalama za amayi amasiye, za mnyamata amene anagulitsa njinga kuti agule makina osokera. Kukhululuka ngongole ndi ndalama za eni si chifundo ayi, n'kupatsa mphatso yochokera m'thumba la wina. Komanso akathyali alipodi. Ndani mwa ife sanalandirepo uthenga wabodza wonena kuti wina watumiza ndalama molakwitsa, tibweze? Gulu limene silidziteteza limatha, ndipo likatha ovutika ndi osauka omwewo. Amene anaumirira kuti mayi aja achotsedwe anali ndi mfundo, ndipo sindiwaweruza.

Kulakwa kwathu ndimakuona ndikakumbukira banki m'khonde ya mayi anga kumudzi. Njira yosunga ndi kubwereketsana ndalama m'magulu otere inayambira ku Niger m'chaka cha 1991 ndi bungwe la CARE, kenaka n'kufalikira m'maiko ambiri kuphatikizapo kuno kwathu. Bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, ndipo makiyi amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, bokosilo n'kukhala kwa wachinayi. Palibe amene angalitsegule yekha, ngakhale atapsa mtima chotani. Wina akalephera kubweza, gulu limatuma anthu kunyumba kwake. Ulendo umenewo umaoneka ngati wotaya nthawi, koma ndi umene umagwira ntchito yaikulu. Poyenda mkwiyo umazizira. Pofika, maso amaona okha ngati pakhomopo pali njinga yatsopano kapena pali mwana wodwala pamphasa. Otumidwawo asanatsegule pakamwa amakhala atamva kale theka la mlandu.

Zipangizo za pa intaneti zinatichotsera ulendo umenewu. Ubwino wake ndi womwewo, ndipo ngozi yake ndi yomweyonso. Zinachotsa ulendo wa ku Kariakoo umene unkatidyera phindu, koma zinachotsanso ulendo wa kukhomo kwa mnzathu umene unkatisungira umunthu. Ife tinasangalala ndi kuchoka kwa woyambawo osazindikira kuti wachiwiri wapita nawo. Bokosi la mayi anga linkafuna makiyi atatu, pamene gulu lathu linkangofuna chala chimodzi cha munthu wogona pabedi.

Pali chinanso chimene chinatinyenga. Foni imatipatsa zizindikiro zambiri moti timayamba kuganiza kuti munthu tikumudziwa. Tinkadziwa nthawi imene mayi aja awerenga uthenga, ndalama zimene anatenga mpaka tambala yomaliza, ndi tsiku limene analonjeza. Koma sitinkadziwa kumene amagona. Zolembedwa zathu zinali zoona zokhazokha, palibe nambala imene inanama, komabe chigamulo chimene tinatengapo chinali chabodza. Chizindikiro chakuti munthu wawerenga chimangonena kuti maso ake adutsa pamawuwo. Chifukwa chimene wakhalira chete chinafunika kuti wina apite akachione, kapena akachimve kwa mwini wake.

Wina anganene kuti ndikukometsera zakale. Ndivomere kuti kumudzi nakonso chilungamo chimapindika. Kudziwana nkhope kumabala kukondera: m'bale wa amfumu amapatsidwa nthawi, wobwera amalandidwa mbuzi. M'magulu ambiri kaundula ankakhala m'manja mwa munthu mmodzi wodziwa kulemba, ndipo ena ankaberedwa osadziwa. Kaundula wa pa intaneti amene aliyense akumuona amateteza wofooka kuposa kope la m'thumba la mlembi. Sindikufuna kuti tibwerere m'mbuyo. Chimene ndikunena n'chakuti chipangizo chikatifewetsera ntchito, tiyenera kufunsa kuti kuvuta kumene kwachokako kunkatiteteza ku chiyani. Kuoda nsalu kufulumire ndithu, kutumiza ndalama kufulumire, koma kuweruza munthu kusafulumire.

Apa mpamene ndapeza yankho la funso langa lija. Munthu amene sitinamuonepo tili naye mangawa omwewo amene tili nawo kwa mnansi wathu, ndiwo kumumva tisanamuweruze. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa mnansi mangawawa amabwezeka okha, poti timakumana naye pachitsime ndi pamaliro, pamene kwa wa pafoni tiyenera kuchita kuwakumbukira ndi kuwalipirira. Makolo ponena kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, sankawerenga mitu chabe. Anthu makumi anayi akhoza kukhala pagulu limodzi la WhatsApp, aliyense ali yekhayekha, ngati palibe amene angadzuke kukaona mnzake akasowa.

Pagulu lathu tinasintha malamulo. Tsopano aliyense polowa amatchula kumene amakhala ndi munthu mmodzi amene tingamufunse iye akasowa. Palibe amene amachotsedwa pokhapokha anthu awiri atapita kukamuona, ndipo ndalama yoyendera imachokera m'kathumba. Ma admin tilipo atatu, ndipo ngakhale foni imalola mmodzi kuchotsa munthu payekha, tinapangana kuti atatu tonse tizivomereza kaye. Ena anadandaula kuti izi zikuwonjezera ndalama zoyendetsera gulu. N'zoona, zikuwonjezeradi. Umunthu uli ndi mtengo wake, ndipo bizinesi imene ikukana kuulipira imadzalipira ndi anthu ake.

Mayi aja anabweza ngongole yonse mu Disembala 2023, pang'onopang'ono, kudzera pa nambala ya msungichuma. Pofika nthawiyo n'kuti ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala, moti zimene anabwezazo sizikanagulanso nsalu zimene anatenga. Gulu linaluza ndithu, ndipo palibe amene anatchulapo zimenezi. Ine ndinakwera basi kupita ku Blantyre kukapepesa. Anandilandira bwino, anandiphikira tiyi, ndipo ndinaona nkhope yawo kwa nthawi yoyamba patatha zaka zitatu tikuchita malonda limodzi. Nditawapempha kuti abwerere pagulu, anaseka pang'ono n'kunena kuti, “Bambo, ndalama zija ndinabweza. Koma mawu aja ndinawawerenga onse.”

Mpaka lero sanabwerere. Nambala yawo ndikadali nayo m'foni, ndipo nthawi zina nsalu zatsopano zikafika ndimawatumizira zithunzi paokha. Amawerenga, ndipo akakhala chete ndimadikira.